Chimasula Lilime la Wantchito Nchiyani: Mtima wa Bwana kapena Lamulo?

Mumzinda wa Toronto ku Canada, kumene nyumba za mabanki za mu Bay Street zimatalika mpaka kutchinga dzuwa, ndi kumene anthu miyandamiyanda amatsika sitima pa Union Station m'mawa uliwonse nalowa m'makwalala a pansi pa nthaka otchedwa PATH pothawa chisanu, muli mkangano umene wamveka m'maofesi, m'zipatala ndi m'sukulu zaukachenjede kwa zaka zoposa 20, ndipo kufikira lero sunagamulidwe. Mkanganowo ukhudza chinthu chimene aliyense amene analembedwapo ntchito, kaya ku Kanengo, kaya ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kaya ku Joni, amachidziwa bwino lomwe: nthawi ija pamene waona kuti zinthu zikulakwika, mawu afika pakhosi, koma uwameza chifukwa wolakwitsayo ndiye amasainira malipiro ako. Otsutsanawo amavomerezana kuti kumeza mawu kotereku kumaononga ntchito, ndipo nthawi zina kumataitsa moyo wa anthu. Asiyana pa mankhwala ake. Ena ati, konzani mtima wa mtsogoleri, aphunzire kuzindikira za mumtima mwake ndi za mumtima mwa anzake, ndipo mantha adzatha okha. Ena ati, mtima wa munthu suyenera kuudalira. Ikani lamulo lomuteteza wolankhulayo, kuti asataye nsima ya ana ake ngakhale bwana atapsa mtima.

Popeza mlandu sagamula atangomva m'kamwa mumodzi, tiyambe tamva a mbali yoyamba. Iwo amatikumbutsa kuti m'chaka cha 1990 akatswiri awiri a za maganizo a munthu ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, analemba kuti pambali pa nzeru ya masamu ndi ya mabuku pali nzeru inanso, ya kudziwa chimene chikuwira mumtima mwako usanachite nacho kanthu, ndi ya kuwerenga pankhope ya mnzako chimene pakamwa pake sipanatchule; ndipo pamene Daniel Goleman anatulutsa buku lake pa nkhaniyi mu 1995, chiphunzitsocho chinafalikira m'makampani a m'maiko ambiri. Toronto sanaonerere chabe, pakuti kampani ya mumzindawu, Multi-Health Systems, ndiyo inayamba kugulitsa mu 1997 mayeso a Reuven Bar-On oyezera nzeru imeneyi, amene kufikira lero mabwana ambiri amakhazikidwa pansi kuti awalembe.

Koma mboni yawo yaikulu ndi Mayi Amy Edmondson a ku Harvard. Pamene mayiwa anali kufufuza za kulakwitsa popereka mankhwala m'zipatala ziwiri, anayembekezera kuti magulu a anamwino ogwirizana bwino, okhala ndi atsogoleri abwino, adzapezeka ndi zolakwa zochepa; m'malo mwake manambala anaonetsa kuti magulu abwinowo ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atasinkhasinkha anazindikira kuti magulu amenewo sanali kulakwitsa koposa anzawo, koma anali kuulula koposa anzawo, pamene m'mawodi a atsogoleri aukali zolakwa zinali kukwiriridwa. Mu 1999 anasindikiza kafukufuku wina wa magulu 51 a pa kampani ina yopanga katundu, naonetsa kuti gulu limene anthu ake amakhulupirira kuti sadzachititsidwa manyazi akafunsa funso kapena akavomera kulakwa, ndilo limaphunzira msanga. Kampani ya Google, imene inayamba mu 2012 kusanthula magulu ake 180, inafika pa mfundo yomweyo: chimene chinasiyanitsa kwambiri magulu ochita bwino sichinali madigiri a anthu ake, koma kumasuka kwawo polankhula.

Taganizirani, ati iwo, za namwino amene ali pa ntchito ya usiku m'chimodzi mwa zipatala zimene zandandalika mu University Avenue. Nthawi ili cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Wayang'ana pa kompyuta, waona kuti mlingo wa mankhwala umene dokotala walemba ukuoneka wochuluka kwa wodwala wochepa thupi chotere. Foni ili m'manja, chala chili pa nambala. Chimene chidzamuimbitsa kapena kumuleketsa si buku la malamulo limene lili m'kabati, koma kukumbukira mmene dokotala yemweyo anamuyankhira sabata yatha pamene anamudzutsa: kaya anausa moyo mokweza namufunsa ngati anapitadi kusukulu, kaya anati mwachita bwino kufunsa, tiyeni tionere limodzi. Palibe nyumba ya malamulo imene ingaletse munthu kukwinya nkhope, kuyang'ana wotchi pamene wamng'ono akulankhula, kapena kuseka kaseko kaja kamene kamauza onse a m'chipindamo kuti funsolo linali lopusa. Komatu zing'onozing'ono zimenezi, zimene sizifika pabwalo la milandu, ndizo zimamanga lilime tsiku ndi tsiku. Chotero, ati, ngati mtsogoleri saphunzira kudzigwira pamene nkhani yoipa yamufika, ndi kuyamba iye mwini kuvomera pamaso pa anthu ake kuti apa sindikudziwa, malamulo onse adzakhala mapepala chabe. Amaonjezanso kuti nzeru imeneyi imathandiza ngakhale wolankhulayo, pakuti mneneri Natani, potumidwa kukadzudzula Davide, sanalowe ndi chitonzo, koma anayamba ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kamwana kankhosa kake, kufikira mfumu inadzigamula yokha.

Mawu awa ndi olemera, ndipo munthu amene anakhalapo pansi pa kapitawo wolusa sangawapeputse. Koma a mbali yachiwiri akaima, nawonso amatsegula Buku Lopatulika lomwelo, pa tsamba lina. Abisalomu, ati, anali katswiri wa nzeru ya za mumtima kuposa onse a m'nyumba ya atate wake: ankalawirira kuchipata cha mzinda, kufunsa aliyense wobwera ndi mlandu kumene achokera, kumuuza kuti mlandu wake ndi wolungama, kumugwira dzanja ndi kumupsompsona, ndipo zonsezi anachita kuti alande ufumu. Nzeru yowerenga mitima ilibe mwini, imatumikira wachifundo ndi wachinyengo yemwe. Pano sakungonena za m'mutu mwawo, pakuti umboni wake unachokera mu Toronto momwemo. Stéphane Côté, mphunzitsi wa pa sukulu ya zamalonda ya Rotman mu St. George Street, pamodzi ndi anzake, anasindikiza mu 2011 kafukufuku amene anapeza kuti pakati pa anthu okonda chilungamo, odziwa kwambiri kuwongolera za mumtima ndiwo anali kuchitira anzawo zabwino koposa. Koma pakati pa antchito amene mtima wawo unali wokonda kugwiritsa ntchito anzawo kuti akwere, odziwa kwambiri nzeru yomweyo ndiwo anali kunyoza ndi kuchititsa anzawo manyazi koposa. Ndiye kuti kampani imene yatumiza bwana woipa mtima ku maphunziro a masiku atatu pa hotelo, ikhoza kumulandira atanoleka, osati atatembenuka.

Kenaka amaloza chala ku Front Street, kumene kuli nyumba yaikulu ya wailesi ya boma, CBC. Kumeneko kunali muulutsi wotchuka, Jian Ghomeshi, wa pulogalamu yotchedwa Q, munthu amene luso lake lonse linali lomasula alendo ake kuti atulutse za kukhosi pa wailesi. Anachotsedwa ntchito mu Okutobala 2014. Ndipo kuti tisamunamizire, tinene kuti pa milandu imene anazengedwa kukhoti, woweruza anamupeza wosalakwa mu Malichi 2016. Koma nkhani ya khalidwe lake pa ntchito inafufuzidwa payokha ndi loya wa mu Toronto, Mayi Janice Rubin, amene atamva anthu 99 anapereka lipoti mu Epulo 2015 lonena kuti muulutsiyu ankanyoza ndi kupeputsa ogwira naye ntchito, kuti akuluakulu anadziwa kapena anayenera kudziwa, ndi kuti posachitapo kanthu anakhala ngati avomereza. Antchito a pulogalamuyo sanali osalankhula ayi: mu 2012 anasonkhana nalemba madandaulo awo, nawapereka. Kulimba mtima kunalipo, mawu anatuluka, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Muulutsiyo ndiye anali kukoka omvera, ndipo pomuyeza iye ndi anyamata ndi atsikana omukonzera pulogalamu, sikelo inapendekera kwa iye.

Nkhani ya Dokotala Nancy Olivieri ndi yakale koposa, koma imaluma chimodzimodzi. Mu 1996, ali pa chipatala cha ana cha SickKids, kumene anali kuyesa mankhwala otchedwa deferiprone pa odwala nthenda ya magazi ya thalassemia, anaona zimene zinamudetsa nkhawa nafuna kudziwitsa odwala ake. Kampani ya Apotex, imene inali kulipira kafukufukuyo, inaimitsa kuyesako nimuchenjeza kuti idzamutengera kukhoti akaulula, potengera pangano la chinsinsi limene anasaina. Kampaniyo inatsutsa zimene iye anapeza, ndipo mankhwalawo analoledwa pambuyo pake ku Ulaya ndi ku America. Koma kafukufuku woima payekha wa mu 2001, wokhazikitsidwa ndi bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite a ku Canada, anapeza kuti chipatala ndi yunivesite sizinamutchinjirize mokwanira, pa nthawi imene yunivesiteyo inali kukambirana ndi kampani yomweyo za mphatso yaikulu ya ndalama. Kodi pamenepa, afunsa a mbali yachiwiri, chinasowa ndi luso lowerenga nkhope? Onse a m'nkhaniyi anali ophunzira, aulemu, odziwa kulankhula mofatsa pamsonkhano. Chinalipo chinali ndalama mbali imodzi, ndi munthu mmodzi mbali inayo.

Zina amangozitchula modutsa. Mu Malichi 2017 antchito a m'mabanki akuluakulu a dzikolo anauza atolankhani a CBC, mobisa maina, kuti anali kukakamizidwa kugulitsa makadi a ngongole ndi zina zotero kwa makasitomala osazifuna. Mabankiwo anakana kuti umenewo si mwambo wawo, koma funso limatsala lakuti nchifukwa ninji anthuwo anaona kuti kwa mtolankhani nkotetezeka kuposa kwa manijala wawo. Ndipo mu Febuluwale 2021, patangopita masiku owerengeka chichitikireni tsiku la Bell Let's Talk, limene limalimbikitsa anthu kulankhula momasuka za nkhawa ndi matenda a maganizo, nthambi ya zoulutsa mawu ya kampani ya Bell yomweyo inachotsa ntchito anthu mazana. Wantchito amene waona zotere, ukamuitanira ku msonkhano wakuti tiyeni timasukirane, amabwera, amamwetulira, namwa khofi, koma za kukhosi amabwerera nazo kunyumba.

Pali gawo lina la mlanduwu limene likhudza ife makamaka. Pafupifupi theka la anthu okhala mu Toronto anabadwira kunja kwa Canada, ndipo pakati pawo pali abale athu a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete, ena osamalira okalamba, ena owerengera ndalama, ena ophunzira amene amagwira maganyu madzulo. Mwana wa Chichewa analeredwa kuti wamkulu samupenyetsetsa m'maso, samudula mawu, ndipo chodandaula chachikulu sachinena yekha koma amachituma kudzera mwa wina. Akafika m'chipinda cha msonkhano pansanjika ya 30, kumene bwana amaitanidwa ndi dzina lake lenileni ngati mnzako wa kudambwe, ndipo bwanayo atatha kufotokoza afunsa ngati pali wotsutsa, mbale wathu amaweramitsa mutu, nayembekezera kuti aitanidwe. Ndipo pakutha pa chaka amalembedwa kuti ndi wakhama koma alibe maganizo akeake. A mbali yoyamba amati apa mpamene nzeru ya mtsogoleri ifunika, kuti azindikire kuti kukhala chete kwa munthu uyu ndi ulemu, namutsata payekha kukamufunsa. Ndi zoona. Koma a mbali yachiwiri amati taonani mapepala ake: malinga ndi lamulo la kalembedwe ka ntchito la chigawo cha Ontario, kumene kuli Toronto, munthu amene sanakwanitse miyezi itatu akhoza kuchotsedwa popanda notisi, ndipo amene anabwera ndi chiphaso chomangirira kwa bwana mmodzi, akachotsedwa sataya ntchito yokha, koma chilolezo chake chogwira ntchito m'dzikomo chimakhala chopanda phindu kufikira atapeza china. Munthu wotere, amene kumudzi akudikira fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza, sakhala chete chifukwa cha mwambo wokha. Wawerengera.

Nchifukwa chake iwo amaika chikhulupiriro chawo pa zimene zinalembedwa, ndipo amakumbutsa kuti zambiri mwa izo zinalembedwa misozi itagwa kale. Namwino Lori Dupont anaphedwa pa ntchito m'chipatala cha ku Windsor mu Novembala 2005 ndi dokotala amene khalidwe lake linali lodziwika kale. Pambuyo pake, mu Juni 2010, Ontario inayamba kukakamiza olemba ntchito kukhala ndi ndondomeko yolimbana ndi nkhanza ndi kuzunzana pa ntchito. Mu 2016 lamulo linaonjezedwa kuti dandaulo la kuzunzidwa liyenera kufufuzidwa. Kuyambira Januwale 2018 bungwe la chipukutamisozi la WSIB limalandira madandaulo a anthu amene adwala maganizo chifukwa cha kuzunzidwa kwa nthawi yaitali pa ntchito. Ndipo mabanki ndi nyumba zoulutsa mawu, zimene zili pansi pa boma la ku Ottawa, zinalandira malamulo awo atsopano mu Januwale 2021. Palinso muyezo wa dziko lonse wa umoyo wa maganizo pa ntchito, wotuluka mu Januwale 2013, umene umatchula zinthu 13 zoyenera kuyang'anira, monga kuchuluka kwa ntchito, ulemu, ndi kumveka kwa zimene mtsogoleri akufuna; koma muyezowu ndi wongodzipereka, wofuna autsata, wosafuna ausiya, ndipo a mbali yachiwiri amati pamenepo mpamene pagona kufooka kwake.

Apa a mbali yoyamba amabweza mkondo womwewo. Kodi ku CBC kunalibe malamulo? Analipo, olembedwa bwino. Antchito anali ndi bungwe lowaimira, ndipo pangano lawo linali ndi mawu onena za kulemekezana pa ntchito. Chinasowa ndi munthu wa udindo amene, polandira pepala la madandaulo lija, akanamva kulemera kwake, nagonjetsa mantha ake a iye mwini, pakuti nawonso mabwana amaopa. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu, ndipo sindinamve a mbali yachiwiri akuiyankha kotheratu. Mayi Edmondson nawonso akhala akuchenjeza kuti kumasuka kumene amaphunzitsa si kusekererana kapena kulekerera ulesi, koma ndi kuuzana zoona zowawa kuti ntchito ikome. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ife a ku Malawi sitiyenera kuphunzitsidwa ndi alendo za mtengo wa kukhala chete. Tinakhala zaka 30 pansi pa nsanamira zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, pamene kalaliki wanzeru anali amene wadziwa kuyang'ana kumbali. Ndipo pamene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, chimene chinagwedeza dziko sichinali chachilendo chimene ananena, koma kuti ananena poyera zimene aliyense ankanong'ona. Pamene ndalama za boma zinasefukira kunja kwa Capital Hill mu 2013, kodi macheke onse aja anadutsa pa madesiki opanda maso? Ndipo amene akumbukira imfa ya Issa Njauju wa ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu mu 2015 sangamunene kalaliki wamantha kuti chomwe akusowa ndi maphunziro a kulankhulana. Komabe makolo athu, amene ena amawanena kuti anatiphunzitsa kugonja, sanasiye nkhaniyi m'manja mwa kukoma mtima kwa wamkulu. Anaika ankhoswa kuti mkazi wozunzidwa akhale ndi pokadandaula pamene mwamuna sangamuletse. Anaika nduna pabwalo kuti mfumu isagamule yokha. Ndipo mwa Achewa amayi aakulu a banja lachifumu anali ndi mawu pa za amene akhale pampando. Anadziwa kuti mfumu yofatsa ndi dalitso, koma sanamange mudzi poyembekezera kuti mafumu onse adzabadwa ofatsa.

Ine, nditamva zonsezi, ndiona kuti mbali ziwirizi sizilemera mofanana. A mbali yoyamba anena zoona pa zimene zimachitika tsiku lililonse, pakati pa namwino ndi dokotala, pakati pa kalaliki ndi mkulu wake, ndipo kampani imene imakweza anthu paudindo chifukwa cha manambala okha, osayang'ana mmene amachitira ndi anzawo, idzakolola chete. Koma kumasuka kumene kwatsamira pa mtima wa bwana mmodzi kumatha tsiku limene bwanayo wasamutsidwa, kapena tsiku limene choonadi chayamba kudya ndalama. Ndipo pa milandu ya ku Front Street ndi ku SickKids, pamene choonadi chinadula mtengo, ulemu ndi luso la kulankhula sizinapulumutse munthu. Ngakhale mfundo ija yakuti ku CBC malamulo analipo, ukaipenyetsetsa, ikuonetsa kuti dandaulo linathera m'manja mwa anthu amene phindu lawo linali mwa wodandaulidwayo. Ndipo chimene chinatsegula nkhaniyo pomaliza chinali wofufuza wochokera kunja, amene malipiro ake a mwezi ndi mwezi sanali kusainidwa ndi aliyense wa m'nyumbamo. Chotero ndigamula kuti chitetezo chitsogole, ndipo maphunziro a mtima atsate pambuyo. Kampani imene yayamba ndi maphunziro isanakonze kumene dandaulo limapita, yangogula mbiri yabwino.

Kwa inu amene mwapatsidwa anthu oti muwatsogolere, kaya mu King Street ku Toronto kaya ku Limbe, musafunse anthu anu ngati ali omasuka, pakuti adzati inde. Funsani kuti munthu womaliza amene anakutsutsani pagulu ali kuti lero, ndipo anakwezedwa liti. Ndi kwa inu abale amene mukugwira ntchito ku Ontario, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mukazunzidwa, lembani tsiku, malo ndi amene analipo, perekani dandaulo lanu molemba, ndipo sungani kope kunyumba, osati mu kompyuta ya kuntchito. Gawo 50 la lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito limaletsa bwana kukulangani chifukwa chofuna kuti lamulolo litsatidwe, ndipo nkhani ikafika ku Ontario Labour Relations Board, amene ayenera kupereka umboni wakuti sanabwezere ndi bwanayo, osati inu.